Kompyuta siidziwa thabwa la pa Chitakale

Ana anga, inu amene mwabwera ndi mapepala ochokera ku MUBAS, ku MUST kuja ku Ndata, ku Soche Technical ndi m'makoleji ena a TEVETA, ndipo tsopano mukujambula mapulani a nyumba, a mashedi, a timilatho ndi a nsanja za matanki kuno ku Mulanje, ndibwerekeni khutu. Ife amene tinaphunzira ntchitoyi ndi pensulo ndi lula pa tebulo lojambulirapo takalamba, maso ayamba kuchita chidima, ndipo ntchito yonse ikugwera m'manja mwanu. Kompyuta sindidana nayo ayi. Samu imene inkatidyera masana onse inu mukuimaliza madzi asanawire pamoto, ndipo ndimakondwera nazo. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti ambiri a inu nambala ikangotuluka pa sikirini mumaikopera m'buku osaifunsa kumene yachokera.

Nkhani yanga ili pa section. Mukadula thabwa kapena chitsulo mopingasa, nkhope imene ikuoneka podulapo ndiyo section, ndipo mphamvu ya mtanda uliwonse, phaso lililonse, mzati uliwonse imayambira pa nkhope imeneyo. Kukula kwake, area, kumakuuzani kuchuluka kwa chitsulo chimene chilipo ndi kulemera kwake. Centroid ndi pachirikati pamene nkhopeyo ingakhazikike osapendeka. Koma nambala imene imalamulira kuwerama kwa mtanda ndi I, second moment of area, ndipo iyi ndi imene imagwetsa anthu. I sasamala za kuchuluka kwa chitsulo kokha, amasamala kwambiri za kumene chitsulocho chayikidwa. Chimene chili kutali ndi pachirikati chimagwira ntchito yaikulu, chimene chaunjikana pakati chimangolemera. N'chifukwa chake nsungwi, ngakhale ili ndi mphako, imasenza denga la khola bwinobwino: nyama yake yonse ili kunja. Amene anapanga chubu ndi I-beam anatsata nzeru yomweyo.

Tengani thabwa la 2 by 6, limene pa pepala timalemba 50 mm ndi 150 mm. Likaimirira cham'mbali, I wake ndi 50 × 150 × 150 × 150 ÷ 12, ndipo yankho ndi 14,062,500 mm⁴. Likagona chafufumimba, mawerengedwe atembenuka, 150 × 50 × 50 × 50 ÷ 12, yankho 1,562,500 mm⁴. Thabwa ndi lomwelo, mtengo wogulira ndi womwewo, koma logonalo lidzawerama ka 9 kuposa loimiriralo, ndipo lidzathyoka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu amene loimirira likanasenza. Kalipentala aliyense wa pa Chisitu kapena pa Limbuli amadziwa zimenezi ngakhale sanamvepo dzina la I. Ndiye zimandiwawa ndikaona mwana wophunzira akulephera kuzindikira kuti pa sikirini watenga nambala ya Y pamene mtanda wake ukupindikira pa X. Samu ya b × h × h × h ÷ 12, pamene b ndi mulifupi ndipo h ndi msinkhu, ikhale m'mutu mwanu usana ndi usiku. Ndi imeneyo mudzayesere chilichonse chimene kompyuta ikuuzeni, pakuti nkhope zambiri zimene timajambula zimagawika m'timabokosi tamakona anayi.

Tsopano tilowe mu AutoCAD, poti ndi imene ambiri muli nayo. Pulogalamu imeneyi inatuluka koyamba mu 1982 kuchokera ku kampani ya Autodesk, ndipo njira yake yopezera nambala za section ndi yakalekale. Mumajambula nkhope ndi mizere yotsekeka bwino, mumaisandutsa chinthu chimodzi ndi REGION, ngati ili ndi mphako mumachotsa ya m'kati ndi SUBTRACT, kenaka mumalemba MASSPROP. Pamenepo imakukhuthulirani area, perimeter, bounding box, centroid, moments of inertia, product of inertia, radii of gyration, ndipo kumunsi kwenikweni principal moments. Zonse zimaoneka zaudongo, manambala ambirimbiri kuseri kwa kadontho, moti mtima umangoti zatheka.

Msampha woyamba uli pomwepo. Moments of inertia zimene zalembedwa pakati pa mndandanda si za pa centroid ayi. AutoCAD imaziwerengera kuchokera pa 0,0 pa UCS, ndiye kuti mizere ya X ndi Y yoyezerapo, imene ilipo nthawi imeneyo. Thabwa lija la 50 ndi 150, mukalijambula tsinde lake litakhala pa mzere wa X, kompyuta ikupatsani 56,250,000 mm⁴, kuchulukitsa ka 4 nambala yoona. Mukalijambula kwinakwake pakati pa pepala, pachirikati pake patatalikira mita imodzi kuchoka pa mzerewo, nambala idumpha kupitirira 7,500,000,000, ndiye kuti kuposa ka 500. Makina sananame. Aphatikiza area kuchulukitsa ndi mtundawo kawiri, monga lamulo la parallel axis linenera, ndipo ayankha funso limene inu mwafunsa mosadziwa. Mankhwala ake ndi apafupi: werengani pamene pali centroid, samutsirani UCS pamenepo, bwerezani MASSPROP, ndipo onetsetsani kuti centroid tsopano ikuwerenga ziro ndi ziro. Mukatero bounding box ikuuzani mtunda wochoka pachirikati kufika m'mphepete, ndipo mukagawa I ndi mtunda umenewo mupeza Z, section modulus, imene AutoCAD siikupatsani yokha. Nkhope ikakhala ngati T, mitunda ndi iwiri yosiyana, ya kumwamba ndi ya kumunsi, ndiye ma Z alinso awiri. Musathamangire wamkuluyo chifukwa choti akukondweretsani.

Wachiwiri ndi mphako. Chubu cha 50 ndi 50 cha khoma la 2 mm, mukachijambula ndi ngodya zakuthwa, I wake ndi 147,712 mm⁴. Mukaiwala SUBTRACT n'kusankha bokosi la kunja lokha, mupeza 520,833, ngati chitsulo chopanda mphako. Mukasankha mabokosi onse awiri, makina awaphatikiza m'malo mochotsera, ndipo nambala ifika pafupifupi 894,000, ka 6 kuposa yoona. Munthu amene anayamba wawerenga pa pepala aona msanga kuti area yayenera kukhala 384 mm², ndipo ikatuluka 2,500 kapena 4,616 aima. Amene sanawerenge adzangokondwa kuti chubu chake n'champhamvu.

Za miyeso ndingonena pang'ono, chifukwa aphunzitsi anu ananena kale. AutoCAD siidziwa ngati 50 amene mwalemba ndi mamilimita, masentimita kapena mainchi. Mabuku a zitsulo ambiri amalemba I mu cm⁴, ndipo 1 cm⁴ ndi 10,000 mm⁴, osati 10. Chojambula chimene mwatsitsa pa intaneti chingakhale cha ku America cha mainchi, pamene 1 in⁴ imaposa 416,000 mm⁴. Lembani muyeso pambali pa nambala iliyonse, ngakhale pa kapepala kongoyeserapo. Amene muli ndi SolidWorks, Inventor kapena FreeCAD yaulere ija, musaganize kuti zimenezi sizikukhudzani. Mabatani ndi osiyana, koma mafunso ndi omwewo: nambalayi yawerengedwa kuchokera pati, pa mzere uti, mu muyeso wanji?

Komatu zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi chimene ndikufuna kukhalitsapo. Kompyuta imawerengera chimene mwajambula. Chimene chafika pa saiti pa lole kapena pa njinga siichiona.

Pitani pogulitsira matabwa pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Luchenza, tepi ili m'manja, muyese 2 by 6 amene ali pa mulu. Thabwa lochekedwa ndi sowo ya manja kapena ndi makina onyamula silituluka lofanana kuchoka kumutu kufika kumchira. Kenaka liuma n'kufota, kenaka kalipentala alipala. Tinene kuti latsala 45 ndi 140. Ndi maso mungati palibe chasintha, koma I watsika kufika pa 10,290,000 mm⁴, kutanthauza kuti gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a kulimba kwake lapita. Mamilimita 10 a msinkhu ndi amene adya zambiri, chifukwa msinkhu umalowa m'samu katatu. Onjezerani mfundo imene yagwera kumunsi kwa thabwa pakatikati pa mtanda, onjezerani kamphako kamene mmisiri waboola kuti padutse waya wa magetsi, ndiye mundiuze ngati nkhope imene ili pa laputopu yanu ndi imene ili padenga.

Makolo athu ankamangira mkungudza, mtengo wa m'phiri muno umene chiswe chimauopa, umene boma linausankha mu 1984 kukhala mtengo wa fuko. Lero waukuluwaukulu unatha ndi macheka ndi moto, ndipo wina akakutsatsani thabwa la mkungudza dziwani kuti akukulowetsani m'mlandu. Chatsala ndi paini ndi bulugamu, nthawi zambiri zodulidwa zisanakhwime, zogulitsidwa zikadali zaziwisi. MASSPROP siisiyanitsa paini ndi bulugamu, siisiyanitsa thabwa ndi chitsulo. Ipereka I mmodzimodzi, pamene chitsulo chimakana kuwerama pafupifupi ka 20 kuposa paini wa nkhope yomweyo. Kudziwa mtundu wa chinthu, kuuma kwake ndi matenda ake ndi ntchito yanu.

Ku zitsulo nkhani ndi yomweyo, mwinanso yoopsa kuposa, chifukwa khoma la chubu silioneka chikawotchereredwa n'kupakidwa penti. Mwalemba 50 × 50 × 2, wogula wapita ku hadiweya, wapeza kuti cha 1.2 n'chotsika mtengo, kunja chikufanana ndendende. I wa chimenecho ali pafupifupi 93,000 mm⁴, kutsika ndi 37 pa 100 iliyonse, ndipo khoma lopyapyala limabooka msanga powotcherera, limadyekanso msanga ndi dzimbiri. Apa ndi pamene area ija imene mumangoidumpha imakuthandizani. Chitsulo chimalemera makilogalamu 7,850 pa kiyubiki mita. Chubu cha 2 mm chotalika mamita 6 chiyenera kulemera pafupifupi makilogalamu 18, cha 1.2 mm pafupifupi 11. Simufunika labotale, mufunika sikelo yokhulupirika ndi vernier ya m'thumba. Zitsulo za m'konkire nazonso: Y12 ili ndi area ya 113 mm² ndipo mita imodzi imalemera makilogalamu 0.888, kotero ndodo ya mamita 12 iyenera kupitirira pang'ono makilogalamu 10 ndi theka. Ikakhala kuti kwenikweni ndi ya 11 mm, area yatsika kufika pa 95 mm². Milimita imodzi yokha yachotsa 16 pa 100. A Malawi Bureau of Standards alipo, koma sadzaima pa saiti panu tsiku limene katundu akutsitsidwa. Amene adzaimepo ndi inu.

Pali zinanso zimene nambala za MASSPROP sizinena, ndipo munthu wosachenjera amaganiza kuti zanenedwa. Mtanda wa konkire simungaujambule ngati bokosi n'kutenga I wakeyo ngati mwamaliza, chifukwa konkire imang'aluka mbali imene ikukokedwa ndipo pamenepo chogwira ntchito ndi chitsulo cha m'kati. Angle iron mizere yake yeniyeni yopindikira ndi yopendeka, n'chifukwa chake product of inertia siituluka ziro, ndipo mbali yake yofooka muipeza pa principal moment yaing'onoyo, osati pa X kapena Y. Lipped channel imene mumakonda pa mapalini ndi yotsegula mbali imodzi, imapotoka mosavuta, ndipo kuphatikiza I wa X ndi I wa Y sikukupatsani kulimba kwake pa kupotoka. Kuphatikiza kumeneko kumagwira pa chitsulo chobulungira ndi paipi basi. Chubu chotsekeka mukaching'amba mulitali ndi grinder, area isintha pang'ono kwambiri, koma kukana kwake kupotoka kugwa pansi.

Ndiye pali mzati. Mzati wautali woonda sudikira kuti chitsulo chiphwanyike, umangokhotera kumbali kumene uli wofooka. Leonhard Euler anaonetsa samu yake mu 1744: mukawirikiza kawiri kutalika kwa mzati, katundu amene ungasenze amatsala gawo limodzi mwa anayi. Nambala yoyang'ana apa ndi radius of gyration yaing'ono kwambiri, pamodzi ndi mtunda weniweni wa pakati pa zogwiriziza. Mukamajambula nsanja ya thanki ya malita 5,000, kumbukirani kuti madzi okhawo ndi matani 5, ndipo pansi pake padzaima amayi ndi ana ndi zidebe.

Musati izi ndi nkhawa za nkhalamba ya kumudzi. Ku Hartford, m'dziko la America, denga la chitsulo la bwalo lalikulu la masewero, la mamita pafupifupi 91 ndi 110, linawerengedwa ndi kompyuta ndi mainjiniya ophunzira bwino. Linagwa m'bandakucha wa pa 18 January 1978 chipale chitaunjikana pamwamba, patangopita maola ochepa anthu pafupifupi 5,000 atatuluka koonera mpira wa basketball. Mwamwayi munalibe munthu. Ofufuza anapeza kuti zitsulo za pamwamba, zopangidwa ndi ma angle anayi olumikizidwa ngati chizindikiro cha +, zinali zosavuta kukhota, ndiponso kuti zogwiriziza zimene samu inkadalira sizinkagwira monga anaganizira. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti pokweza dengalo anayesa n'kupeza kuti likuwerama kuwirikiza kawiri zimene kompyuta inanena, anthu anadandaula, koma anauzidwa kuti palibe vuto. Tepi inanena zoona, anthu anakhulupirira makina.

Ife kuno tilibe chipale, koma tili ndi phiri. Sapitwa waima mamita 3,002, amakola mitambo yochokera ku nyanja ya Indian, ndipo mvula imene imakometsa tiyi ku Lujeri ndi ku Lauderdale ndi yomweyo imene imadzaza Ruo, Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila m'maola ochepa. Chiperoni chikagwa, chinyezi chimakhala masiku, thabwa limamwa madzi, chitsulo chosapakidwa chimachita dzimbiri. Chubu chimene munawerengera ndi khoma la 2 mm sichidzakhala ndi 2 mm pakapita zaka khumi ngati munasiya kukamwa kwake kotsegula kuti mvula izilowa. Akuluakulu tikukumbukira napolo wa mu March 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa Phalombe, nthawi imeneyo likadali gawo la boma la Mulanje. Inu mwadzionera nokha anamondwe Idai mu 2019, Ana mu January 2022, ndi Freddy mu March 2023, amene anatenga miyoyo ya abale athu mazanamazana, ena mpaka lero osapezeka, nadula misewu ndi milatho ya ku Muloza ndi ku Phalombe. Sindikunamizani kuti samu ya section ingaimitse mwala waukulu ngati nyumba ukamagubuduka kuchoka m'phiri. Pamenepo nzeru ndi kusamanga m'njira ya madzi. Koma madenga ambiri a sukulu ndi a matchalitchi amene amasasuka chaka ndi chaka sagundidwa ndi mwala. Mphepo imalowa pansi pa malata n'kuwakankhira kumwamba, katundu amatembenuka, mbali ya palini imene inkakokedwa iyamba kupanikizidwa, ndipo mbali imeneyo ndi imene ilibe malata oigwiriziza. Wojambula amene anawerengera katundu wotsikira pansi yekha wachita theka la ntchito.

Madzi nawonso ali ndi section yawo. Paipi ya kalavati ya 600 mm ili ndi khomo la 0.28 m², ya 900 mm ili ndi 0.64 m². Kontirakitala akakuuzani kuti ya 900 yasowa koma aika ziwiri za 600 ndipo mwapindula, werengani: ziwirizo pamodzi ndi 0.57 m², sizikufika, komanso khomo laling'ono limatsekeka msanga ndi zinyalala, nthambi ndi miyala. Mu pulogalamu yojambulira misewu mudzadula mtsinje mopingasa n'kupeza area yake, koma mtsinje umene munayesa mu September si umene udzabwere mu February. Funsani a mfumu ndi agogo a pamudzipo pamene madzi anafika chaka cha Freddy, akuonetseni pa mtengo kapena pa khoma, muyese pamenepo. Safunsa anadya phula.

Amisiri amene mudzawapeze pa saiti, owotcherera, akalipentala, omanga, ambiri ndi a msinkhu wa bambo anu. Apatseni ulemu wawo. Mmisiri akakuuzani kuti, "Bwana, chitsulo ichi chikundionekera chochepa," musamuonetse laputopu ngati yankho. Bwererani ku samu, chifukwa dzanja limene lanyamula zitsulo zaka zambiri limamva kulemera kumene inu simunakuzolowere. Koma akafuna kugoneka thabwa limene munati liimirire kuti kukhoma kuphweke, kapena kutalikitsa mtunda wa pakati pa mizati, mukane mwaulemu ndipo mumufotokozere chifukwa chake. Mtanda wosenza katundu wofanana pa mita iliyonse, mukauwirikiza kawiri kutalika, umawerama ka 16. Akamvetsa chifukwa, mawa adzakana yekha inu kulibe.

Mwini nyumba naye adzakupanikizani. Ndalama yavuta, simenti yakwera, adzati chepetsani. Njira zochepetsera mtengo zoona zilipo, ndipo apa ndi pamene kompyuta imakhala bwenzi lenileni: mungayese nkhope zisanu m'kanthawi kochepa, n'kupeza kuti chitsulo chozama koma chopepuka chikuposa chachifupi cholemera, kapena kuti mzati umodzi woonjezera pakati ukulolani kugula matabwa ang'onoang'ono. Chitani zimenezo ndi mtima wonse, pakuti anthu athu ndalama amaipeza movutikira, ena pothyola tiyi, ena pogulitsa nanazi ndi nandolo. Chimene simuyenera kuchita ndi kusintha nambala kuti igwirizane ndi thumba. Ndipo zimene zaposa msinkhu wanu, mlatho wodutsa galimoto, nyumba yosanjikizana, denga la holo, zipititseni kwa injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution aziunike, ndipo womanga akhale wodziwika ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga. Kupempha wina kuti aone samu yanu si manyazi.

Pempho langa ndi ili. Musanatsegule laputopu, tengani pepala, jambulani nkhopeyo ndi dzanja, igaweni m'timabokosi, pezani area ndi I mongoyerekeza. Kenaka funsani makina. Zikasiyana kwambiri musapitirire mpaka mutadziwa amene walakwa. Pepalalo lisungeni m'failo pamodzi ndi pulani, tsiku ndi dzina lanu zitalembedwa. Pa pulani lembani kuchindikala kwa khoma la chitsulo chilichonse ndi muyeso wa thabwa litauma ndi kupalidwa, osangoti 2 by 6. Ndipo tsiku limene katundu akufika pa saiti, kaya ndi pa boma, kaya ndi ku Muloza, kaya mvula ikugwa, pitani nokha ndi tepi ndi vernier mukayese asanayambe kudula.